Luso Lathu ndi la Yani?

Chaka chilichonse bungwe la MANEB likatulutsa zotsatira za mayeso a Fomu 4, m'makomo ambiri a ku Machinga ndi Balaka mumayamba nkhani imodzi. Mwana wamaliza sukulu, kaya wakhoza kaya walephera, ndipo funso ndi lakuti tsopano agwire ntchito yanji. Ku Ntaja, ku Ulongwe, ku Phalula ngakhale m'tauni ya Liwonde, mayankho amene timamva amakhala awiri. Ena amati mwana atsate chimene mtima wake ukufuna, chifukwa ntchito yokakamiza siyenda. Ena amati njala siidziwa zokonda za munthu, choncho agwire chilichonse chimene chingabweretse ufa pakhomo. Mayankho onse awiriwa amachokera kwa anthu okonda mwanayo, ndipo lililonse lili ndi choonadi chake.

M'kapepala kano tikufuna kufunsa funso limene limabisala pansi pa mkanganowu. Kodi luso limene munthu amabadwa nalo ndi la yani? Ndi lake yekha, ndi la makolo amene adamulera, kapena ndi la anthu amene adzathandizidwe nalo? M'mene tingayankhire funsoli ndi m'mene tidzalangizire ana athu, ndiponso m'mene tidzaonere ntchito zimene ife eni tikugwira lero.

Tiyambe ndi zimene zilipo

Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 735,000 m'boma la Machinga ndi oposa 438,000 m'boma la Balaka, limene lidapatulidwa ku Machinga mu 1998. Adapezanso kuti pafupifupi theka la Amalawi onse ndi ana osafika zaka 18. Kuyambira 1994, pamene maphunziro a pulayimale adakhala aulere, ana ambiri adalowa m'kalasi, koma malo a ku sekondale ndi ku koleji, pamodzi ndi ntchito zolembedwa, sadachuluke mofanana. Ambiri mwa ife timadya za kumunda: chimanga, nandolo, thonje la ku Balaka, mpunga wa m'madambo ozungulira nyanja ya Chilwa. Ena amapha matemba, ena amapalasa kabaza, ena amagulitsa pamsika, ndipo anyamata ochuluka amakwera basi kupita ku Joni kukasaka maganyu.

Choncho tikamakamba za kusankha ntchito, tisalankhule ngati kuti mwana wa ku Nayuchi waikiridwa mbale khumi kuti atolepo imene akufuna. Malangizo otero amangomuwonjezera manyazi, chifukwa amayamba kudziona ngati wolephera pa chinthu chimene sadapatsidwe n'komwe. Komabe kusankha kulipo, ngakhale kuli kochepa. Banja likagulitsa mbuzi ziwiri, limasankha ngati ndalamazo zilipire mayeso obwereza, zigule makina osokera, zilipire mmisiri woti aphunzitse mwana ukalipentala, kapena zikhale za pasipoti ndi basi. Mwayi wotero umabwera kamodzi kapena kawiri pa moyo wa wachinyamata. Munthu wolemera akalakwitsa posankha amayambiranso, pamene wosauka amakhala nacho cholakwikacho zaka zambiri. Pa chifukwa chimenechi funso la luso ndi lofunika kwambiri kwa ife kuposa kwa amene ali ndi zambiri.

Chidwi ndi luso si chinthu chimodzi

Mwana akaona namwino atavala zoyera n'kunena kuti naye adzakhala namwino, kawirikawiri chimene wakonda ndi yunifomu ndi ulemu umene anthu amapereka. Unamwino weniweni ndi kuchezera usiku wonse, kutsuka mabala, ndi kupirira mawu a anthu amene ululu wawakwiyitsa. Chimodzimodzi amene amasirira dalaivala wa sitima yodutsa pa Nkaya kupita ku Nacala amaona sitima ikuyenda, saona maola ambiri okhala tcheru pa njanji yopanda munthu. Chidwi chimaona ntchito ili patali, ndipo chimasintha msanga. Lero mwana akufuna usilikali, mawa wamva kuti mnzake wagula njinga yamoto ndipo akufuna yomweyo. Akuluakulu adati ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

Nanga luso timalidziwa bwanji? Pali zizindikiro zimene kholo lililonse lingathe kuziona popanda kulemba mayeso. Choyamba, mwana amabwerera ku chinthucho popanda womutuma. Chachiwiri, amapirira mbali yake yotopetsa: mtsikana amene ali ndi dzanja la kusoka amasula msoko wokhota katatu osadandaula, pamene wongosirira amataya nsalu pa ulendo woyamba. Chachitatu, akalakwitsa amaona yekha pamene palakwika. Chachinayi, chimene chili chodalirika kuposa zonse, anthu amayamba kumubweretsera mavuto awo. Wailesi ikafa amaitengera kwa iye. Ana a pafupi akakanika masamu amabwera pakhonde pake. Pamaliro anthu amamupatsa iye kope la chipepeso chifukwa amadziwa kuti ndalama sizisokonekera m'manja mwake.

Tikayang'ana zizindikirozi tiona kuti palibe n'chimodzi chomwe chimene chimaoneka munthu atakhala pansi n'kumadzifunsa kuti, kodi ine ndimakonda chiyani? Zonse zimaoneka pogwira ntchito, makamaka ntchito yothandiza wina. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu adasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002. Ali ndi zaka 14 adapanga makina amphepo otulutsa magetsi, pogwiritsa ntchito zitsulo zotayidwa, zipangizo za njinga ndi mabuku a mulaibulale yaing'ono ya kwawo. Chimene ankafuna chidali kuwala m'nyumba ya makolo ake. Luso lake lidaonekera pamene ankalimbana ndi vuto la pakhomo. Ifenso tikafuna kudziwa mphatso ya mwana, njira yake ndi kumupatsa zochita zenizeni zosiyanasiyana, kenaka n'kumayang'ana modekha. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Zimene Balaka idatiphunzitsa

Palibe amene angakambe za luso m'dera lathu osatchula nyimbo za ku Balaka. Gulu la Alleluya Band lidayamba mu 1978 pa parishi ya Katolika ya m'tauniyo, ndipo Paul Banda adalitsogolera zaka zambiri. Mng'ono wake Lucius Banda, amene adabadwa mu 1970 m'mudzi wa Sosola, adayamba kuimba ali mnyamata pambali pa mkulu wakeyo. Chimbale chake choyamba, Son of a Poor Man, chidatuluka mu 1994, pambuyo pake adakhazikitsa Zembani Band, ndipo pamene ankamwalira pa 30 June 2024 dziko lonse linkamudziwa ndi dzina loti Soja. Oimba ena otchuka, monga Mlaka Maliro ndi Billy Kaunda, adadzera m'manja mwa abale awiriwa.

Funso loti tilingalire ndi ili: kodi ku Balaka kudabadwa ana ambiri a mawu okoma kuposa ku Ntaja kapena ku Nsanje? N'zokayikitsa. Chimene chidalipo ku Balaka ndi malo pamene mwana wa mawu okoma ankapeza gitala yoti agwire, wamkulu woti amudzudzule akaphonya, ndi anthu oti awaimbire sabata ndi sabata. Mphatso idakumana ndi zida, aphunzitsi ndi omvera. Ndipo amene adathandizidwa adatembenuka n'kuthandiza ena, mpaka tauni yaing'ono idakhala ndi kaimbidwe kake kodziwika m'dziko lonse.

Tikuphunzirapo zinthu ziwiri. Choyamba n'chakuti luso silikula lokha. Munthu aliyense waluso ali ndi ngongole kwa amene adamubwereka chida choyamba ndi kumupirira pamene ankaononga. Chachiwiri n'chowawa pang'ono. Pa woimba mmodzi amene adadya za nyimbo, pali ambiri amene adaimba bwino koma nyimbo sizidawadyetse. Dera limodzi lingathe kudyetsa oimba ochepa, koma limafuna aphunzitsi, amisiri omanga ndi okonza mijigo ochuluka. Choncho kukhala ndi mphatso sikutanthauza kuti mphatsoyo iyenera kukhala ntchito yodyera. Woimba amene masana ndi telala, Loweruka n'kumaphunzitsa ana nyimbo, sadataye mphatso yake.

Luso silidziwa kumene likupita

Pali mfundo ina imene anthu olangiza kuti tsata mtima wako amaiwala. Luso palokha silisiyanitsa chabwino ndi choipa. Tiganizire za nkhalango ya nyama ya Liwonde, imene bungwe la African Parks lidayamba kuyendetsa mu 2015. Njovu zidachuluka mpaka zina zidasamutsidwira ku Nkhotakota mu 2016 ndi 2017, ndipo mikango idabwezeretsedwamo mu 2018. M'midzi yozungulira nkhalangoyi muli anyamata amene amatha kuyang'ana pansi n'kudziwa kuti padutsa nyama yanji, nthawi yanji, ikulowera kuti. Limeneli ndi luso lenileni, losowa. Luso lomwelo lingathe kupanga munthu wotchera misampha ya waya usiku, ndipo lingathenso kupanga mlonda wa nyama kapena woperekeza alendo. Maso ndi omwewo, miyendo ndi yomweyo. Chosiyana ndi chimene munthuyo wasankha kutumikira.

Zili chomwecho ndi mphatso iliyonse. Wodziwa kulankhula angathe kuyanjanitsa mabanja okangana, angathenso kunyenga agogo kuti agulitse munda pa mtengo wozizira. Wodziwa masamu angathe kusunga bwino mabuku a banki ya m'mudzi, angathenso kuwakonza mochenjera kuti asowetse ndalama popanda wozindikira. Wodziwa mitengo angathe kusema mipando yokongola ndi kudzala ina m'malo mwa imene wadula, angathenso kumaliza phiri lonse ndi makala. Ndiye funso loti ndimatha chiyani silikwanira. Liyenera kuyenda ndi linzake: ndikachita chimenechi, ndani adzapeze bwino, ndipo ndani adzalire?

M'mabwalo athu ophunzira timabwereza kawirikawiri mfundo yakuti ntchito yogwiridwa ndi mtima wotumikira anthu ili ngati kupembedza. Ngati zili choncho, kusankha ntchito ndi nkhani ya chikumbumtima, yofanana kulemera ndi kusankha womanga naye banja.

Mbuzi yosungitsa

Tsopano tibwerere ku funso lathu. Tonse timadziwa za mbuzi yosungitsa. Munthu amasiya mbuzi yake kwa mnzake kuti amusungire. Wosungayo amapindula nayo, amatola manyowa, nthawi zina amapatsidwa kamwana ikaswa. Koma sangaiphe tsiku limene wakhumba nyama, ndipo sangaisiye ife ndi njala n'kunena kuti si yake. Tsiku lina mwini wake adzabwera kudzafunsa.

Ife tikuona kuti luso lili ngati mbuzi yotero. Palibe amene adadzipatsa yekha dzanja lodziwa kusema kapena mutu wogwira masamu msanga. Tidazipeza zili mwa ife, monga tidapezera dzina ndi mtundu. Tili ndi ufulu wodya nazo, ndipo palibe cholakwika kuti mmisiri alemere ndi umisiri wake. Koma tidasungitsidwa kuti zipindulire anthu, ndipo tidzafunsidwa.

Maganizo amenewa akudzudzula mbali zonse ziwiri za mkangano uja. Kwa wachinyamata akuti: sungathe kunena kuti moyo ndi wanga, ndichita zimene ndikufuna, pamene amayi ako adagulitsa mpunga wa chaka chonse kuti ulembe mayeso ndipo azing'ono ako akudikira fizi. Sungathenso kusiya mphatso yako igone chifukwa cha ulesi kapena chifukwa anzako amaseka ntchito yakuda m'manja. Kwa kholo akuti: mwana si munda wako woti udzalemo chimene iwe udalephera kukolola. Bambo amene adalakalaka ukalaliki n'kulephera, akakakamiza mwana wa manja a umakaniki kubwereza mayeso katatu kuti adzakhale mu ofesi, akupha mbuzi ya eni ake. Ndipo otayapo si mwanayo yekha. Mudzi wonse udzapitiriza kukankha njinga zamoto zakufa mpaka ku Liwonde, pamene wokonza adali pakati pawo.

Kukambirana pakhomo

Kwathu kuno, kumene amalume ali ndi mawu aakulu pa ana a mlongo wawo, nkhani yotere siithera pakati pa mwana ndi makolo okha. Tiyerekeze mnyamata amene wakhoza mokwanira kuti angathe kufunsira malo ku sukulu ya aphunzitsi ya Machinga, koma mtima wake uli pa zamagetsi a dzuwa, ndipo wakhala akulumikiza mabatire ndi mababu m'nyumba za anthu kuyambira ali Fomu 2. Amalume ake akuti: "Mphwanga, uphunzitsi ndi ntchito ya boma. Mwezi ukatha umalandira, ukakalamba pali penshoni. Mawaya akowo adzakudyetsa mpaka liti?" Mnyamatayo angathe kuyankha mwamwano, kapena kungoti chabwino n'kupita kukaphunzitsa ana a eni ake ndi mtima wowawa zaka makumi atatu. Njira zonse ziwirizi n'zotayitsa. Mphunzitsi wosafuna ntchito yake amaononga ana mazana ambiri, ndipo anawo sadalakwe kanthu.

Pali njira yachitatu, imene ife timaitcha kukambirana: aliyense kuika maganizo ake pakati, osawaumirira ngati chuma chake, onse n'kufunafuna choona pamodzi. Mnyamatayo angathe kunena kuti: "Amalume, nkhawa yanu ndaimva, ndipo ndi yoona. Ndiloleni chaka chimodzi ndikaphunzire kwa mmisiri, ndikalembe mayeso a TEVETA. Ndizilemba m'kope ndalama iliyonse imene ndapeza ndi imene ndapereka kwa amayi. Chaka chikatha tidzakhale pansi tione kopelo. Likadzaonetsa kuti sizikuyenda, ndidzamvera inu." Pamenepo amalume sakufunsidwa kuti akhulupirire maloto. Akufunsidwa kuti adikire umboni, ndipo mnyamatayo wavomera kuti umboniwo ungathe kumutsutsa.

Bungwe la TEVETA lidakhazikitsidwa mu 1999 kuti liyang'anire maphunziro a ntchito zamanja, ndipo ku Balaka kuli sukulu ya Andiamo kumene achinyamata amaphunzira ntchito zotere. Njira zilipo, ngakhale malo ndi ochepa. Chimene chimasowa kawirikawiri ndi kukhala pansi kwa banja, mwana n'kuloledwa kulankhula, akulu n'kuloledwa kufunsa mafunso ovuta: msika wake uli kuti, zida udzazipeza bwanji, amene akugwira kale ntchitoyi akudya kapena akungovutika? Safunsa adadya phula, ndipo mwambiwu ukukhudza mwana ndi kholo lomwe.

Pamene palibe chosankha

Ena mwa ife tikuwerenga izi tili kale pa ntchito imene sitidaisankhe. Bambo adamwalira, ana adatsala asanu, ndipo njinga ya kabaza ndi imene idalipo. Wina ali ku Johannesburg akusesa m'sitolo, pamene kusukulu aphunzitsi ankati adzakhala dokotala. Kodi anthu otere adataya chosungitsidwa chawo? Ife tikuti ayi. Kudyetsa ana amasiye ndi thukuta lako ndi utumiki waukulu, ndipo palibe amene ayenera kuchita nako manyazi. Udindo wa lero uli patsogolo pa zokhumba zathu.

Koma tisafulumire kunena kuti mphatso yafa. Ntchito iliyonse ili ndi mpata umene munthu amalowetsamo chimene ali. Pa siteji ya kabaza pamakhala mmodzi amene anzake amamusankha kusunga ndalama za gulu, wina amene amaweruza akakangana, wina amene amakonza njinga za onse. Mayi amene akadakhala mphunzitsi wabwino, koma adalekezera Sitandade 7, ndi yemwe amafotokozera amayi anzake kusikelo zimene alangizi a zaumoyo anena, mpaka onse amvetse. Mphatso imene yatsekeredwa khomo lalikulu imatulukira pa laling'ono, ngati mwini wake sadaikwirire ndi kudandaula. Ndipo imene yasungidwa yamoyo chotero imakhala yokonzeka tsiku limene mwayi wapezeka.

Tikumbukirenso kuti ntchito zimene timazitcha zodalirika sizidalirika nthawi zonse. Nyanja ya Chilwa idaphwa mu 1968, mu 1995 ndiponso mu 2018, ndipo asodzi adatsala ndi mabwato pamatope ouma. Mu 2017 dziko la India litachepetsa nandolo amene limagula kunja, mtengo udagwa ndipo alimi a ku Balaka ndi Machinga adasowa kogulitsa. Pa nthawi zotero amene amapulumuka msanga ndi amene ali ndi china m'manja: msodzi wodziwanso kupala matabwa, mlimi wodziwanso kumanga. Makolo adati ukaipa dziwa nyimbo. Choncho kusamala luso la mwana ndi njira inanso yotetezera banja ku njala, ndipo pamenepa mbali ziwiri za mkangano uja zikukumana.

Mphatso zimene timazikwirira tokha

Pali mphatso zina zimene sizifa ndi umphawi koma ndi maganizo athu. Zoyamba ndi za atsikana. Mu 2017 Nyumba ya Malamulo idasintha malamulo aakulu a dziko kuti munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18, komabe m'midzi yathu tikudziwa atsikana amene amasiya sukulu ali Sitandade 6 chifukwa kwapezeka mwamuna wobwera ndi katundu kuchokera ku Joni. Mtsikana wotero sadapatsidwe mpata woti iye kapena ife tidziwe chimene adasungitsidwa. Ngakhale amene atsala pasukulu timawapatsa zochita za mtundu umodzi: kutunga madzi, kuphika, kulera. Mlongo wake akamasula wailesi timati ndi wanzeru, iye akaigwira timati aononga. Tidzadziwa bwanji kuti ali ndi manja a umisiri ngati sitidamulole kugwira sipanala? Mulungu pogawa mphatso sadayang'ane kuti uyu ndi mwamuna kapena mkazi, ndipo mudzi umene umakwirira theka la mphatso zake usadabwe ukamasauka.

Zachiwiri ndi mphatso za m'manja. Tidazolowera kuika ntchito pa makwerero, ya mu ofesi pamwamba, ya khasu ndi hamala pansi. Mwana akalowa ukalipentala timati sukulu idamukanika. Koma tiyang'ane pa Liwonde pomwepa. Kamuzu Barrage, imene idamangidwa mu 1965, imayendetsa madzi a mtsinje wa Shire amene amakapukusa makina a magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Kuti babu liyake mu ofesi ya ku Lilongwe pamafunika mainjiniya, komanso owotcherera zitsulo, okonza makina ndi ochotsa namasupuni m'madzi. Mmodzi mwa iwo akagwira ntchito mwaulesi, dziko limakhala mu mdima. Ulemu wa ntchito uli m'kufunika kwake kwa anthu ndi m'kukhulupirika kwa woigwira. Mlimi amene amayesa mbewu zatsopano pa kachigawo ka munda, n'kusunga m'mutu zimene waona chaka ndi chaka, n'kuuzako anzake, akugwiritsa ntchito nzeru zomwezo zimene katswiri wa ku koleji ya zaulimi amagwiritsa ntchito.

Gawo lathu

Ngati luso ndi chosungitsidwa chimene chimaonekera pogwira ntchito ndipo chimakula pakati pa anthu, ndiye kuti tonse tili ndi gawo. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Telala wa m'bwalo lathu angathe kulola mtsikana wa pafupi kukhala pa makina ola limodzi pa sabata. Wosunga mabuku a banki ya m'mudzi angathe kukhazika wachinyamata pambali pake tsiku logawana. Tikamakonza ntchito yotumikira mudzi, monga kukonza mjigo, kudzala mitengo m'mbali mwa mtsinje kapena kuphunzitsa ana aang'ono, tingathe kusinthasintha maudindo kuti aliyense alaweko kuwerengera ndalama, kulankhula pagulu, kugwira zida ndi kuphunzitsa. Ndipo tikaona kanthu mwa mwana, timuuze mwachindunji. Kunena kuti ndiwe wanzeru sikumuthandiza kwenikweni. Kunena kuti, ndaona kuti ana amakhala chete iwe ukamafotokoza, kumamupatsa chinthu choti aganizire. Achinyamata ambiri sadziwa mphatso zawo chifukwa chimene amachita mosavuta amachiyesa chinthu wamba chimene aliyense amatha.

Kwa wachinyamata amene ali pa mphambano lero, mafunso ndi atatu, ndipo ayenera kufunsidwa pamodzi. Kodi ndi chiyani chimene ndaonetsa kale, ndi manja anga, kuti ndimachitha ndipo ndimapirira zowawa zake? Kodi anthu a kuno, kapena kumene ndingafike, akuchifuna mokwanira kuti chindidyetse ine ndi amene akundidalira? Kodi ndikachichita mokhulupirika, anthu adzakhala bwino kuposa kale? Pamene mayankho atatuwa agwirizana, munthu apite popanda mantha. Pamene sadagwirizane, agwire ntchito imene udindo ukufuna, aigwire bwino, ndipo mphatso ija aziidyetsa madzulo ndi Loweruka kufikira nthawi yake.

Mafunso okambirana

1. Tchulani munthu wa m'dera lanu amene anthu amamubweretsera mavuto a mtundu umodzi. Kodi luso lake lidadziwika bwanji, ndipo adamuthandiza ndani?

2. Kodi pali nthawi imene kholo kapena malume ayenera kukana ntchito imene mwana wasankha? Nanga pali nthawi imene mwana ayenera kulimbikira ngakhale akulu akukana? Tingasiyanitse bwanji nthawi ziwirizi?

3. Ganizirani ntchito imene mukugwira panopa, kaya mudaisankha kaya ayi. Ndi mpata uti umene ulimo woti mutumikire anthu ndi chimene mumachitha bwino?

4. Ndi zochita ziti zimene sitilola atsikana kuyesa kwathu kuno? Tikutaya chiyani potero?

5. Kodi bwalo lathu lingachite chiyani mwezi uno kuti wachinyamata mmodzi agwire chida kapena udindo umene sadaugwirepo?